MTENGO WA MUNTHU WOSEWERA MPIRA

Lero tikambirana mbiri ya malipiro a anthu osewera mpira ku England, ndi m'mene akatswiri a za cuma, powerenga mabuku a ndarama a makalabu, anapezera zinthu zimene eni ace a makalabu sanafune kuti zidziwike.

Kulipira munthu cifukwa ca kusewera mpira kunaloledwa ku England m'caka ca 1885. Sipanapite nthawi yaitali, eni makalabu anaona kuti akamalimbirana osewera abwino malipiro adzakwera, cotero m'caka ca 1901 anapangana kuti pasakhale wosewera wolandira ndarama zoposa £4 pa mlungu. Panalinso lamulo lina lakuti munthu akalembedwa ku kalabu imodzi sangapite kwina popanda cilolezo ca eni ace, ngakhale pangano lace la nchito litatha.

Ophunzira za cuma amati olemba nchito akagwirizana motere, ndipo wanchito alibe kwina kogulitsa luso lace, malipiro amatsika kusiyana ndi phindu limene munthuyo abweretsa. Izi zinaoneka poyera. M'nyengo ya mpira ya 1948 mpaka 1949 anthu olipira pa cipata kukaonera masewera a ligi anapitirira 41 miliyoni, koma wosewera wopambana onse sanaloledwe kulandira zoposa £12 pa mlungu.

Pofika 1961 malire aja anali £20. Bungwe la osewera, motsogozedwa ndi Jimmy Hill, linaopseza kuti licita sitalaka, ndipo m'mwezi wa January eni makalabu anagonja nacotsa malirewo. Posakhalitsa kalabu ya Fulham inayamba kulipira Johnny Haynes £100 pa mlungu. Taonani, munthu ndi yemweyo, miyendo ndi yomweyo, koma malipiro anakwera kasanu. Ndiye kuti luso lace linali la mtengo umenewo kuyambira kale, koma ndarama zinali kutsala m'thumba la ena. M'caka ca 1963 George Eastham anapambana mlandu wotsutsa lamulo lomangirira wosewera ku kalabu imodzi, ndipo m'caka ca 1995 bwalo la milandu la maiko a ku Ulaya linaweruza pa mlandu wa Jean-Marc Bosman wa ku Belgium kuti munthu amene pangano lace latha ali ndi ufulu wa kukasewera ku dziko lina la m'cigwirizano cao popanda kugulidwa.

Malipiro atamasuka cotere, kunakhala kotheka kuyesa ngati ndarama zimagula cipambano. Mphunzitsi wa za cuma, Stefan Szymanski, anasanthula mabuku a makalabu 40 a ku England a zaka za 1978 mpaka 1997, nayerekeza ndarama zimene kalabu iri yonse inaononga ndi malo amene inali kumalizira mu ligi. Anapeza kuti pa kusiyana kwa malo a makalabu, magawo 92 mwa 100 anali kutsata kucuruka kwa malipiro, pamene ndarama zogulira osewera kwa makalabu ena zinalongosola magawo 16 okha. Kunena mwacidule, pa zaka zambiri kalabu yolipira bwino ndiyo imakhala pamwamba. Nthawi zina wosauka amagwetsa olemera, monga inacitira Leicester City potenga ligi m'caka ca 1016 kuonjeza 1000, ndiko kuti 2016, koma zotere zimacitika kamodzikamodzi. Zimenezi zinafalikira kwa anthu ambiri m'buku lochedwa Soccernomics, limene Szymanski analemba pamodzi ndi mtolankhani Simon Kuper m'caka ca 2009.

Koma m'mabuku muja munali cinthu cina cacikuru koposa. Szymanski anaona kuti makalabu ena anali kumaliza pamwamba kuposa m'mene malipiro ao analozera, ndipo atafufuza anapeza kuti ambiri a iwo anali makalabu okhala ndi osewera akuda ocuruka. Tanthauzo lace nlakuti wosewera wakuda anali kulandira zocepa kuposa Mzungu wa luso lofanana naye, pakuti makalabu ambiri sanali kumfuna, ndipo amene anamlemba anapeza luso lalikuru pa mtengo wocepa. Kumbukirani kuti munthu wakuda woyamba kusewera m'timu yaikuru ya dziko la England anali Viv Anderson, m'caka ca 1978. Eni makalabu akadatha kukana ndi pakamwa kuti tsankho kulibe, koma mabuku ao a ndarama anawatsutsa. Ku migodi ya kuno nkhani yotere si yacilendo, popeza masiku a atsamunda Mwafrika ndi Mzungu anali kutsika mgodi umodzi koma malipiro ao anali otalikirana kwambiri.

Tsankho lija linali ndi mtengo wace. Kalabu yokana munthu cifukwa ca khungu inayenera kulipira zambiri kuti ipeze wina wofanana naye, kapena kugonja pa bwalo. M'zaka zotsatira makalabu a ku England anadzaza ndi osewera akuda, obadwira komweko ndi ocokera ku Africa, ndipo m'caka ca 2021 ana athu awiri anapita kumeneko, Patson Daka ku Leicester City ndi Enock Mwepu ku Brighton.

Cotero, anzanga, mbiri iyi itiphunzitsa kuti mtengo wa wanchito sudziwika bwino pamene wolemba nchito yekha ndiye asunga mabuku. Osewera a ku England anapeza zoyenera iwo pogwirizana m'bungwe lao, popita ku mabwalo a milandu, ndiponso pamene anthu ena analoledwa kuwerenga mabukuwo.