ABC Christian Academy: Zoti Mudziwe Musanakopeke ndi Dzina la "International"

Masiku ano mawu oti "Christian" ndi "International" akungopezeka pa zikwangwani za sukulu zambiri za pulaiveti, ndipo makolo kuno ku Mwanza akumafunsa kuti kodi kusiyana kwake n'kotani. Poyankha, tiyeni tione sukulu imodzi imene ili ndi mbiri yodziwika, ABC Christian Academy ya ku Area 47 mu mzinda wa Lilongwe.

Sukuluyi inatsegulidwa mu 1998 ndipo ili mkati mwa mpanda wa African Bible College. Amene anayambitsa makoleji a ABC ndi amishonale a ku America, Jack Chinchen ndi mkazi wake Nell. Anayambira ku Yekepa m'dziko la Liberia, koleji ya ku Lilongwe inatsegulidwa mu 1991, kenako ina ku Uganda mu 2005. Pamalo omwewo pali wailesi ya Radio ABC komanso chipatala cha ABC Community Clinic, ndiye ngati munapitako ndi wodwala, sukulu tikunenayi munaidutsa.

Chikhristu pamenepa si dzina chabe ayi. Baibulo ndi gawo la maphunziro, ndipo kholo lopereka mwana liyenera kudziwiratu zimenezo. Ana amaphunzira m'Chingerezi, makalasi amawerengedwa mwa chi America, ma Grade mpaka 12, osati Sitandade ndi Folomu ngati kwathu kuno.

Apa ndiye pagona nkhani. Mwana wa sukulu ya boma amadutsa mayeso a MANEB: PSLCE, JCE, kenako MSCE. Sukulu ya international yeniyeni imatsata silabasi ya kunja. Zina ndi za chi America, zina za Cambridge zolembetsa IGCSE ndi A-Level monga St Andrew's ku Blantyre ndi Kamuzu Academy ku Mtunthama, pomwe Bishop Mackenzie ku Lilongwe imatsata IB. Ndiye mwana akalowa njira imeneyi, kubwerera pakati si masewera. Ndalama zikathera pa Grade 10, mwanayo akapezeka m'kalasi ya MSCE momwe anzake anapita kale patali ndi mabuku a Chichewa ndi mitu ina imene iye sanaionepo. Ineyo ndimaona kuti ngoziyi ndi yaikulu kuposa fizi ya teremu yoyamba, chifukwa fizi yoyambayo achibale amatha kusonkherana, koma zaka khumi ndi ziwiri palibe amene angakusonkhereni.

Ndipo mitengo ya sukulu zotere imayenda ndi ndalama zakunja, poti mabuku ndi mayeso zimachokera kunja. Mukukumbukira kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023? Amene amalipira zinthu zowerengedwa m'madola kapena mapaundi anaimva kuwawa nthawi yomweyo, malipiro awo ali pomwepo.

Nanga yunivesite? Kusankhidwa kupita ku mayunivesite a boma monga UNIMA, MUBAS, MUST, KUHeS, LUANAR ndi Mzuni kumadutsa ku NCHE, ndipo pamafunika ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi, a MSCE kapena satifiketi yofanana nayo. Choncho musanalipire, funsani akuluakulu a sukulu kuti pepala limene mwana adzatuluke nalo likagwira bwanji ntchito ku NCHE, ndipo ayankhe molemba.

Kwa ife a ku Mwanza palinso za mtunda. Lilongwe ndi ulendo wautali, kudzera pa Zalewa kenako M1 yonse ija kudutsa Ntcheu ndi Dedza. Mwana azigona kuti, azimuyang'anira ndani? Blantyre ili pafupi, makilomita pafupifupi 100, ndipo kumeneko sukulu za Cambridge ziliko.

Tsono zikwangwani zija. Penti ndi yotchipa, abale, aliyense atha kulemba "International" pakhoma. Sukulu ikati ndi ya Cambridge, ipempheni centre number yake. Ikati ndi ya chi America, ikuuzeni bungwe limene linaivomereza, inu mukafufuze pa intaneti ndi bandulo yanu yomweyo. Funsaninso chiphaso cha Unduna wa Zamaphunziro. Mukapeza kuti ana ake amalemba PSLCE kapena MSCE basi, imeneyo ndi pulaiveti wamba, mwina yabwino ndithu, koma fizi yake isakwere chifukwa cha dzinalo.