Nkhawa Yosatherapo

Nkhawa yosatherapo ndi kupanikizika m'maganizo kwa miyezi kapena zaka. Anthu amangoti "kuganiza kwambiri". Ku Chipata ndi m'midzi yozungulira, nkhawayi imabwera chifukwa cha ngongole, matenda, maliro kapena njala, monga ya chilala cha 2024 chomwe chinapsereza chimanga m'minda.

Munthu akakhala ndi nkhawa yotere, thupi limatulutsa homoni yotchedwa cortisol mosalekeza. Munthu amasowa tulo, sachedwa kukwiya, amaiwalaiwala, ndipo BP imakwera. Ena amathawira ku kachasu. Akalekereredwa, amatha kudwala matenda a maganizo, mwinanso kudzipha.

Mutu umodzi susenza denga: kuulula zakukhosi kwa wachibale, mbusa kapena mlangizi kumapepuza mtima. Kugona mokwanira ndi kuyenda kumathandizanso. Zikakula, pitani kuchipatala msanga: Chipata Central Hospital imathandiza odwala otere, ndipo Chainama ku Lusaka ndicho chipatala chachikulu cha matendawa.