Kuzindikira

Laputopu ikakana "kuzindikira" pulojekita, ambiri amafulumira kunena kuti yapsa. Ine mawuwa ndimawakonda chifukwa amaloza pomwe pali vuto. Kuzindikira si kungoona, koma kudziwa kuti waima pakhomoyu ndani. Mlendo amayamba ndi odi. Pa chingwe cha HDMI, odiyo amadzera pa kawaya ka nambala 19, kotsiriza. Kenako pulojekita imatchula dzina lake ndi kukula kwa chithunzi chomwe ingaonetse, uthenga wotchedwa EDID. Kawayako kakapindika, kapena chingwe chikalowa mwatheka, laputopu siimva odi ngakhale zina zonse zili bwinobwino.

Musanathamangire kwa okonza, zulani chingwecho n'kulowetsanso mpaka chikhazikike, sankhani HDMI pa pulojekitapo, kenako dinani batani la Windows pamodzi ndi P.