Sri Ganganagar: dzina la mfumu imene inakumbitsa ngalande

Kumpoto kwenikweni kwa chigawo cha Rajasthan ku India, kufupi ndi malire a dziko la Pakistan ndi chigawo cha Punjab, kuli tawuni ya Sri Ganganagar. Ndi likulu la boma la dzina lomwelo, ndiponso ndi kumene alimi a m'derali amagulitsira tirigu, thonje, mpiru wopangira mafuta ophikira, ndi zipatso za kinnow zofanana ndi manachesi. Ambiri akamva dzinali amaganiza za mtsinje wopatulika wa Ganga. Koma mtsinjewo uli kutali chakum'mawa, ndipo madzi ake safika m'minda ya kuno.

Ganga ameneyu ndi munthu. Dzinali lili ndi zigawo zitatu: Sri ndi mawu aulemu amene amaikidwa patsogolo pa dzina la wolemekezeka, nagar ndi mzinda m'Chihindi, ndipo lapakatilo ndi la Ganga Singh, mfumu ya dziko la Bikaner, yemwe anabadwa mu 1880 n'kumwalira mu 1943. Analowa ufumu ali kamwana, ndipo mphamvu zonse zolamulira anazilandira mu 1898.

Chaka chotsatira mvula inakana. Njala ya 1899 ndi 1900, imene eni dziko amaitcha Chhappaniya potengera chaka cha 1956 pa kalendala yawo ya Vikram, inapululutsa anthu ndi ziweto m'dziko limene kale lomwe linali la mchenga, lodalira ngamila ndi mapira. Mfumu yachinyamatayo inaona kuti kugawa chakudya sikungathetse vutolo chifukwa chilala chidzabweranso. Chofunika chinali madzi, koma Bikaner analibe mtsinje woyenda chaka chonse. Mtsinje wa Sutlej, umene ukanapereka madziwo, unali m'manja mwa ena.

Apa ndi pamene ndimamulemekezera munthuyu. Kupempha madzi a eni ake si ntchito ya tsiku limodzi. Panapita zaka zambiri akukambirana ndi atsamunda a ku Britain olamulira Punjab komanso ufumu wa Bahawalpur, umene sunkafuna kugawana naye mtsinjewo. Pa nthawi yomweyo dzina lake linkakula kunja, moti mu 1919 anali m'gulu la osayina pangano la Versailles lothetsa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mgwirizano wa madzi unatheka mu 1920. Mwala wa maziko a ngalande yotenga madzi mu Sutlej unaikidwa ku Ferozepur mu 1925, ndipo pa 26 Okutobala 1927 Lord Irwin, bwanamkubwa wa India, anatsegulira ngalandeyo, yotchedwa Gang Canal. Pansi ndi m'mbali mwake anawakamo pa mtunda woposa makilomita 100, kuopa kuti mchenga ungamwe madzi asanafike kominda.

Madzi atafika, pamalo pomwe panali kamudzi ka Ramnagar panajambulidwa tawuni yatsopano ya misewu yowongoka ndi msika wa mbewu, umene kumeneko amati mandi, ndipo inapatsidwa dzina la mfumuyo. Alimi ambiri ozolowera ulimi wothirira anasamuka ku Punjab kudzatenga minda, n'chifukwa chake mpaka lero pamsikapo pamamveka Chipunjabi pamodzi ndi Chihindi ndi Chibagri cha eni nthaka. Ufumu wa Bikaner utalowa m'chigawo cha Rajasthan mu 1949, mafumu mphamvu zinawathera, koma dzina la Ganga Singh linatsala pa tawuniyo ndi pa boma lonse, lomwe tsopano amalitcha nkhokwe ya chakudya ya Rajasthan.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi maina a midzi yozungulira. Yambiri inabadwa pamodzi ndi ngalande, ndipo oyeza malo anaitcha ndi nambala ndi zilembo: zilembo zikuimira nthambi ya ngalande imene imathirira mudziwo, nambala ikusonyeza pamene mudziwo wakhala m'mbali mwa nthambiyo. Motero mlimi ukamufunsa kwawo akhoza kukuyankha kuti 3 Y kapena 58 GB, ndipo amatchula mosachita manyazi, monga momwe wina angatchulire mudzi wa makolo ake. Mfumu inayeneradi ulemu umene inalandira. Komabe sindingaiwale kuti anthu amene anakumba ngalandezo ndi kusalaza milu ya mchenga kukhala minda, pa kutentha kumene m'chilimwe kumayandikira madigiri 50, palibe aliyense wa iwo amene dzina lake linalembedwa pa mapu.