Tizitini ta m'kati mwa foni ndi wailesi

Mukatsegula foni, wailesi kapena kanema wakale uja wa chimsana, mupeza tizitini tachitsulo tomatidwa pa bolodi. Okonza zipangizozi amatitcha shield. Ntchito yake ndi kutchinga mafunde a magetsi kuti asatuluke m'kachipangizo kena n'kukasokoneza kanzake, komanso kuti a kunja asalowe. Nzeru yake ndi yakale ndithu. Mu 1836 Michael Faraday anakuta chipinda ndi chitsulo n'kuonetsa kuti mphamvu ya magetsi yochokera kunja sinkafika m'kati.

Pali tizitini tina tofanana nato maonekedwe koma ta ntchito ina. Iti timasunga zinthu ngati crystal kapena relay, ndipo timatsekedwa mwakuti mpweya ndi chinyezi zisalowe. Kutseka kotere akatswiri amati hermetic. Wokonza asanayatse chowotcherera ayenera kudziwa kaye kuti wagwira kachitini ka mtundu uti, chifukwa shield ikhoza kukhala ndi timabowo osavuta kanthu, pamene kachitini kenaka kakangokhala ndi mng'alu wonga tsitsi ndiye kuti katha ntchito.

Chomatira tizitiniti ambiri timangochitcha mtovu, ngakhale kuti ndi chisakanizo. Wakale uja unali magawo 63 a tin ndi magawo 37 a mtovu weniweni, ndipo umasungunuka pa madigiri 183. Kuyambira pa 1 Julaye 2006, lamulo la European Union lotchedwa RoHS linaletsa mtovu weniweni m'zipangizo zambiri zamagetsi, choncho mafakitale anasamukira ku chisakanizo cha tin, siliva ndi kopa, chimene chimayamba kusungunuka pa madigiri 217. Ichi n'chifukwa chake mmisiri amene anaphunzira ntchito pa mawailesi akale amadandaula kuti mtovu wa m'mafoni ndi wamakani.

Makani enieni ali pa kutentha. Kachitini kamamatidwa pa gawo lalikulu la kopa la m'bolodi lotchedwa ground, ndipo ziwirizi zimamwa kutentha mofulumira. Ukaika nsonga ya chowotcherera pa ngodya imodzi, moto umathawira mbali zonse, mtovu osasungunuka. Apa m'pamene osaleza mtima amayamba kutsekula ndi sikuludilaiva, n'kuzula timizere ta kopa pamodzi ndi chitini. Odziwa ntchito amayamba afunditsa bolodi yonse pang'onopang'ono kuchokera pansi, amaphimba pulasitiki yapafupi ndi tepi yosapsa msanga ya Kapton, kenako amayendetsa blower ya mpweya wotentha mozungulira m'mphepete mwa chitini osaima malo amodzi. Mtovu ukayamba kunyezimira mbali zonse, amanyamula ndi tweezers molunjika m'mwamba. Dzanja lisagwedere. Pa nthawi imeneyo tizipangizo ta m'katimo, tina tochepa kuposa njere ya mapira, timakhala tikuyandama pa mtovu wosungunuka, ndipo kungokhudza pang'ono timasuntha.

Ena amafupikitsa ntchito pothira mtovu wa bismuth, umene umasungunuka pa madigiri 138. Ukasakanikirana ndi umene uli kale pa bolodi, chitini chimachoka pa moto wochepa. Njirayi ndi yabwino, koma ili ndi ngongole yake: wonse uyenera kuchotsedwa ndi wick, kachingwe kolukidwa ka kopa komwe kamayamwa mtovu. Bismuth ikatsalira n'kukumana ndi mtovu weniweni, mfundoyo imakhala yofooka moti ikhoza kufewa madigiri asanafike ndi 100 pomwe.

Flux ndiye sasowa pa tebulo la wokonza. Amachotsa dzimbiri losaoneka pa chitsulo kuti mtovu uyenderere ndi kugwira. Woyenera pa zamagetsi ndi wochokera ku utomoni wa mitengo ya paini. Wa asidi, amene amagwiritsa ntchito omata mapaipi ndi zidebe, amadya bolodi pang'onopang'ono, ndipo mwini chipangizo amadzaona zotsatira zake patapita miyezi.

Kutseka kuli ndi mwambo wake. Malo onse ayeretsedwe, chitini chikhale bwino pa malo ake, wokonza amate kaye ngodya ziwiri zoyang'anana, kenako n'kutsiriza m'mphepete. Pa kachitini ka hermetic pali vuto lina: mpweya wa m'kati ukatentha umafufuma n'kuphulitsa mtovu usanaume. N'chifukwa chake ambiri mwa tizitini totere tinkakhala ndi kabowo kopumira kamene kankatsekedwa pomalizira, chitini chitazizirako. Ma crystal ambiri a masiku ano satsekedwa ndi mtovu konse, amawotchereredwa kufakitale, ndipo akafa n'kwabwino kungogula ena.

Chimene sindigwirizana nacho ndi chizolowezi chotaya shield ntchito ikatha. M'tizipinda tokonzera mafoni mumapezeka mulu wa tizitini pambali pa tebulo, okonzawo n'kumati foni ikuyaka, nanga vuto n'chiyani. Kuyaka imayakadi, koma netiweki ikhoza kufooka, ndipo m'mafoni ena kachitiniko kamathandizanso kumwaza kutentha kwa chip. Amene anakaika kufakitale analipira ndalama pa chifukwa. Mukapita kukatenga foni yanu kwa wokonza, mufunseni ngati wabwezeretsa shield iliyonse imene anachotsa, ndipo ngati sanatero, aibwezeretse musanalipire.