Galasi la ku Kwacha: nkhani yoyamba idali ya bwana

Wailesi ya kanema ya dziko lino ine ndidayamba kuionera pazenera la eni ake ku Ndirande. M'nyumbamo mudali mutadzaza kale, akuluakulu pamipando, ana pansi, ife ochedwa panja titakanikiza mphuno pagalasi. Mwini nyumba adamangirira mlongoti pansungwi yaitali, ndipo chithunzi chikayamba kuchita mchenga, mnyamata wake ankathamanga kukapotokola nsungwiyo ife tikukuwa kuti, "Basi! Pomwepo!" Chimenecho chidali chaka cha 1999. Television Malawi, imene tonse tinkangoti TVM, idatsegulidwa pa 1 April, ndipo amalume anga adakana kukhulupirira poti limeneli ndi tsiku lonamizana.

Achinyamata a lero sadziwa kuti tidachedwa chotani. Anzathu a ku Zimbabwe adayamba kuonera kanema mu 1960, dziko lawo likutchedwa Southern Rhodesia, ndipo a ku Zambia mu 1961. Ife zaka 30 zonse za ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda tidakhala ndi khutu lokha. Wailesi idali imodzi, MBC, yomwe idakhazikitsidwa mu 1964, ndipo Ngwazi ikapita kukayendera mbewu, mapulogalamu ena onse ankayamba aima. Ndiye titavotera matipate mu 1993, n'kusankha a Bakili Muluzi mu 1994, kanema tidamuwerengera pamodzi ndi zipatso za ufulu, monga nyuzipepala zija zidabuka ngati bowa.

Nyumba youlutsira idali ku Kwacha mumzinda wa Blantyre, ndipo poyamba inkaulutsa maola ochepa chabe patsiku. Zokoma zidalipo, tisaname. Phungu amene tinkangomumva mawu tidamuona nkhope, ena tidadabwa kuti eti ndi aafupi chonchi. Oimba athu adayamba kujambula nyimbo zawo. Munthu wa m'tauni adaona ndi maso ake madzi osefukira ku Chigwa cha Shire. Mu 2003 aphungu adafika poletsa TVM kuonetsa Big Brother Africa ati ikuononga chikhalidwe, Khothi Lalikulu n'kuchotsa chiletsocho. Kungoti anthu azikangana pa zimene aonera chidali kale chinthu chachilendo.

Koma nkhani, abale, nkhani. TVM idabadwa kutatsala miyezi iwiri ndi theka kuti tiponye voti pa 15 June 1999, ndipo mayendedwe ake idatengera kwa mkulu wake wa ku Chichiri. Nkhani yoyamba: mtsogoleri wa dziko wanena. Yachiwiri: nduna yayamikira zimene wanena mtsogoleri. Yachitatu: mfumu ina yathokoza. Otsutsa ankaoneka makamaka wina akamatuluka m'chipani chawo. Kale tinkamva nthungululu za amayi pawailesi, tsopano tinkaona ndi nsalu zawo zomwe, zachikasu bii kudzaza galasi lonse. Sindikunyoza atolankhani ake, ambiri adali odziwa ntchito. Koma galimoto ndi kamera zikapita kumsonkhano wa bwana, ku chipatala chosowa mankhwala kupita ndani?

A Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, nsalu zija zidasanduka zobiriwira ngati mtambo, ndipo amene dzulo ankasangalala ndi kamera adayamba kulira nayo. Poti otsutsa ndiwo adali ochuluka m'Nyumba ya Malamulo, mu 2007 adabwezera: MBC ndi TVM adazipatsa kwacha imodzi iliyonse m'bajeti. Inde, K1. Chilangocho sichidawongole kanthu, poti mwana womanidwa nsima amakakamira amene akumupatsa chigumu kuseri. Pambuyo pake boma lomwelo lidaphatikiza nyumba ziwirizi, dzina la TVM n'kufa, kutsala MBC TV.

Masiku awiri ndi amene sindidzaiwala. Pa 20 July 2011 anthu adatuluka m'misewu ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Karonga kudandaula za mafuta, ndalama zakunja ndi ulamuliro. Anthu pafupifupi 20 adafa pa zipolowezo. Ine utsi wokhetsa misozi unkandipeza pakhonde, koma nditalowa m'nyumba kutsegula kanema ndidapeza a Pulezidenti akupereka phunziro kwa anthu ovala masuti. Zenera langa ndi galasi langa zinkaonetsa maiko awiri.

Tsiku lina ndi la mu April 2012. A Mutharika adagwa ku nyumba yachifumu ku Lilongwe pa 5 April, n'kuthamangira nawo ku chipatala cha Kamuzu Central. Mawailesi akunja, intaneti ndi mafoni zonse zinkanena kuti bambowa atisiya, thupi n'kupita ku South Africa, koma kanema wathu adali duu. Usiku wa pa 6 April, anthu ambiri atagona, pagalasi padaoneka nduna zisanu ndi imodzi. Mayi Patricia Kaliati, amene adali nduna yofalitsa nkhani, adawerenga chikalata chakuti wachiwiri kwa Pulezidenti, Mayi Joyce Banda, sangalowe m'malo poti adayambitsa chipani chawo. Za maliro sadanenepo. Tangoganizani, kukambirana za wolowa ufumu pamene mfumu simudalengeze kuti yafa! Mkazi wanga, amene adadzuka ndi phokoso langa, adangoyang'ana nkhope zija n'kuti, "Awa abwera kumaliro, taonani maso awo," n'kubwerera kukagona.

Kutacha, pa 7 April, imfa idalengezedwa ndipo Mayi Banda adalumbira ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe monga malamulo a dziko amanenera. Pasadathe sabata, Mayi Kaliati ndi mkulu wa MBC, a Bright Malopa, adachotsedwa pamipando yawo. Madzulo ena mwezi womwewo ndidakhala pansi kuti ndione nkhani. Yoyamba idali ya mtsogoleri wa dziko, ndipo amayi ovina kumbuyo kwake adali atavala nsalu za mtundu wa lalanje.