Tulo ta Ozimitsa Moto: Mbiri ya Ntchito Yochezera Usiku

Mzinda ukagona pamafunika wina wokhala maso. Mfumu Augustus ya ku Roma inaona zimenezi, ndipo m'chaka cha 6 AD inakhazikitsa Vigiles, magulu asanu ndi awiri a amuna oyendera mzindawo usiku atanyamula zidebe ndi nkhwangwa. Chiyambire nthawi imeneyo funso silinasinthe: wodikira motoyo agona liti? Poyamba ankayankha ndi olemba ntchito okha, kenako mabungwe a apantchito analowererapo, ndipo thupi la munthuyo layamba kufunsidwa posachedwa pomwepa.

Magulu ozimitsa moto monga tikuwadziwira lero anabadwa m'zaka za m'ma 1800. James Braidwood anatsogolera gulu la mzinda wa Edinburgh kuyambira 1824, ndipo mu 1833 anakatsogolera la ku London. Kumeneko ankakonda kulemba ntchito amalinyero, anthu ozolowera kukwera pamwamba komanso kudzutsidwa ola lililonse. Ku America, mzinda wa Cincinnati unayamba kulipira ozimitsa moto ake mu 1853. Masiku amenewo kunalibe mashifiti. Siteshoni ndiyo inali kwawo kwa munthu: akavalo pansi, anthu m'chipinda chapamwamba, buluku litakulungidwa kale pa jombo pambali pa bedi kuti belu likalira angopondamo n'kukokera m'chiuno. Mu 1878 ku Chicago anaimika mtengo wotsetserekerapo kuchoka kogona kufika pa ngolo. Nzeru zonse zinathera pa kudzutsa munthu msanga. Za mmene wagonera panalibe wofunsa. Kwa banja lake ankangopitako kukadya, ndipo tsiku lopuma linkabwera patalipatali.

Mu 1918 ozimitsa moto a ku America ndi Canada anapanga bungwe la International Association of Fire Fighters, ndipo chaka chomwecho anzawo a ku Britain anayambitsa bungwe lomwe lero ndi Fire Brigades Union. Dandaulo lalikulu linali la maola. Mizinda inayamba kugawa antchito m'magulu awiri osinthana, zomwe zinkatanthauzabe maola 84 pa sabata. Gulu lachitatu litawonjezedwa, ku America kunafala dongosolo logwira maola 24 n'kupuma 48, kapena kuti maola 56 pa sabata. Ku Britain, sitalaka ya masabata 9 yomwe inayamba mu Novembala 1977 itatha, sabata ya ntchito inatsika kufika pa maola 42: masana awiri, mausiku awiri, kenako masiku anayi opuma, usiku umodzi m'malo ambiri kukhala wa maola 15. Pa zokambirana zonsezi olemba ntchito ndi mabungwe a apantchito ankagwirizana pa chinthu chimodzi osachitchula: ola ndi ola basi, kaya ndi la masana kaya la mbandakucha, ndipo bedi likakhalapo pa siteshoni ndiye kuti tulo tilipo.

Asayansi ndiwo anagwedeza maganizo amenewa. Mu 1938 Nathaniel Kleitman ndi wophunzira wake anakhala mwezi wathunthu m'phanga la Mammoth ku Kentucky, kuyesa kukhala ndi tsiku la maola 28. Thupi la Kleitman linakana, linkatentha ndi kuzizira motsata maola 24 monga kale. Mu 1958 Aaron Lerner anapeza melatonin, mahomoni amene ubongo umatulutsa kukada. Mu 1972 kunapezeka kagawo kakang'ono ka ubongo, pamwamba pomwe mitsempha ya maso imapingasana, komwe ndi wotchi yaikulu ya thupi. Mu 1980 Alfred Lewy ndi anzake anaonetsa kuti kuwala kwamphamvu usiku kumatsekereza melatonin mwa munthu.

Tanthauzo lake kwa wozimitsa moto n'lachidziwikire. Cha m'ma 4 koloko m'mawa thupi limakhala litazizira kwambiri, maganizo akuyenda pang'onopang'ono, zikope zikulemera. Wotchiyo imasuntha, koma mwaulesi, ola limodzi kapena awiri patsiku. Mausiku awiri sakwana kuitembenuza, ndiye munthuyo amagwira ntchito thupi likuti agone, n'kukagona masana thupi likuti adzuke. Tulo ta masanato timakhala tatifupi ndi todukaduka.

Palinso belu lija. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 1975, Barnard ndi Duncan anayeza mitima ya ozimitsa moto ku America n'kupeza kuti belu likangolira, pasanathe theka la mphindi mtima umawonjezera kugunda pafupifupi ka 47 pa mphindi, munthu asananyamule n'komwe paipi. Mtima umathamanga choncho mutu ukadali m'chimbuuzi cha tulo, chomwe chimatha kutenga mphindi 15 mpaka 30 kuti chiyere, pomwe galimoto imayenera kutuluka pa geti m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Dalaivala amakhala akukhota ndi chigalimoto chodzaza madzi ubongo usanadzuke wonse. Akabwerera, thupi lili lotentha, maso atawalidwa ndi magetsi, tulo sitibwera msanga, ndipo tikamati tibwere belu lalira kachiwiri. Mu 1997 Drew Dawson ndi Kathryn Reid a ku Australia anaonetsa kuti kukhala maso maola 17 kumafooketsa munthu mofanana ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, mlingo womwe m'mayiko ambiri ndi malire kwa woyendetsa galimoto.

Dongosolo la maola 24 linapangidwa nthawi imene usiku wambiri unkadutsa belu osalira. Kuchokera m'ma 1970 ozimitsa moto a ku America anasenzanso ntchito yothamangira odwala ndi ovulala pa ngozi, moti lero maulendo otere ndiwo ochuluka kuposa a moto. Siteshoni ya pakati pa mzinda imatha kutuluka kangapo usiku umodzi. Ngakhale zili choncho, m'ma 1990 kumwera kwa California kunayamba dongosolo la maola 48 otsatizana n'kupuma 96. Silinachokere kwa madokotala: nyumba zinakwera mtengo, antchito ankakhala kutali, ndipo ankafuna kuchepetsa maulendo. Olikonda amati masiku anayi amabwezeretsa thupi. Okayikira amaloza usiku wachiwiri, womwe umapeza munthu ali kale ndi ngongole ya tulo.

Ngongoleyo yayamba kuonekera m'ziwerengero. Kafukufuku wa 2007 wotsogozedwa ndi Stefanos Kales anakumbutsa kuti pafupifupi 45 mwa imfa 100 zilizonse za ozimitsa moto a ku America ali pantchito zimadza ndi matenda a mtima. Mu 2015 Laura Barger ndi anzake anaunika ozimitsa moto pafupifupi 7,000 m'madipatimenti 66: 37 mwa 100 alionse anali ndi zizindikiro za matenda a tulo, makamaka kubanika pogona, ndipo oposa 80 mwa 100 a amenewa anali asanadziwike kuti ali nawo. Amene anali ndi zizindikirozo ndiwo ankachita ngozi za galimoto kawirikawiri kuposa anzawo. Bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika ntchito yosokoneza wotchi ya thupi m'gulu la zinthu zoganiziridwa kwambiri kuti zimayambitsa khansa mu 2007, n'kubwerezanso mu 2019.

Masiteshoni atsopano akusintha potsatira zimenezi. Belu likuyamba motsitsa n'kumakwera pang'onopang'ono, magetsi a usiku ndi ofiira, aliyense ali ndi chipinda chake, ndipo amene akudzutsidwa ndi okhawo a galimoto yoitanidwa. Kugonako pang'ono masana, komwe kale kunkaoneka ngati ulesi, m'malo ena kukulimbikitsidwa. Dongosolo limodzi lokomera onse palibe, chifukwa maola 48 pa siteshoni yakumudzi yabata n'ngosiyana ndi maola 48 pakati pa mzinda. Mkulu wokonza mashifiti masiku ano akuyenera kuwerenga kangati belu lalira pakati pa 10 koloko usiku ndi 6 koloko m'mawa, ndi maola angati amene anthu ake agonadi.